Wozula Zobwera

Takisi imanditsitsa pa Mondeor kusanayere bwino,
chisanu cha Epulo chikutafuna makutu.
Ndimalowa pageti la tchire lotchingidwa ndi waya
nditanyamula khasu, thumba lakuda,
ndi magolovesi obooka chala cha mkombaphala.

Kapitawo Mosala ali ndi pepala la zithunzi.
Ichi zula. Ichi zula. Ichinso, ndi mizu yomwe.
Akuti ndi zobwera, zinalowa popanda woziitana,
zikumwera madzi eni nthaka.
Ine ndimangovomera ndi mutu.
Pasipoti ili m'sokosi,
masiku ake anatha chimanga chisanamasule kwathu.

Chachitatu papepalapo ndi chisoso.
Chisoso chenicheni,
chomwe mlongo wanga Esinala amathyola kuseri kwa khola
n'kuthira nsinjiro ndi phwetekere mmodzi wobwereka.
Kuno ndi cha pamoto.
Ndimayamba ndabudula nsonga zanthete,
kuziponya m'kachitini kanga kapitawo akayang'ana kumbali.

Dzuwa likakwera mbira zimatuluka m'mapanga
kudzaothera pamiyala ngati anthu olandira penshoni.
Mbidzi zinayi zimadya msipu kutsetse,
kumbuyo kwake nyumba zosanja za Joni
zitaima mu utsi wawo.
Nkhanga za kuno sizithawa munthu,
sizinamvepo kulira kwa legeni.
Dzana ndinatola munga wa nungu panjira,
ndinausomeka pachipewa, Mosala anati ubwezere pomwe unali.

Nanga mukanaona Lengwe, akapitawo!
Kutsika Thabwa, thukuta lili kamukamu,
tsanya atayala masamba ake onga mapazi a mbuzi,
njale atayera mbuu ngati wadzola ufa,
mlambe utakhala pansi osafuna zolankhula.
Madzulo bowo amatuluka m'zitsamba
kuponda pang'onopang'ono ngati nthaka ndi ya apongozi,
nchima zikukalipa m'mwamba,
njiri itagwada pathope, kudya chogwada
ngati ikupepesa.

Njiri imodzi yotero inadyetsa bambo anga ndende.
Alufazema, mwana wa Thengo,
miyezi isanu ndi umodzi pa Chikwawa
chifukwa cha khwekhwe la waya wa buleki ya njinga.
Iwo ankati njiriyo ndiyo inayamba,
inadumpha malire kudzafukula mbatata.
Woweruza sanaseke.
Lero mwana wawo ndimasoka mpanda woduka
kuti nyama za eni zigone bwino,
ndipo pamapeto pa sabata amandipatsa marandi.

Kumtsinje, madzi onunkha sopo wa m'tauni,
china chinandikoka malaya kumbuyo.
Mtima unati phwii, ndinayesa apolisi.
Kutembenuka, kankhande!
Minga yake iwiriiwiri, wina woloza kutsogolo,
wina wokowera kumbuyo,
yemwe uja anandisiyira chipsera pachigongono
ndikulondola mbuzi za amalume ku Tomali.
Mosala anati ameneyo usamukhudze,
ndi mwini dziko, anabadwira konkuno.
Ndinati kwathunso amatero, amati ndi wathu.
Anaseka, nati mtengo sukwera basi.
Sindinayankhe. Ndinali kalikiliki kuwonjola mkono
osafuna kuthyola nthambi.

Pofika folo koloko matumba asanu ndi atatu adzaza.
Utsi ukukwera kuseri kwa ofesi,
fungo la ndiwo zopserera popanda wozilira.
Mbira zalowa. Mbidzi zatembenuzira matako kumphepo.

M'takisi yopita ku Rosettenville
mayi wina akundiloza miyendo, akufutukira kuwindo.
Ndayang'ana: buluku lonse lada bii
ndi njere za chisoso, zakakamira mpaka m'mawondo,
zina pasokosi, pamwamba penipeni pa pasipoti.
Ndayamba kuzithothola imodziimodzi.
Zina zagwera pansi pa mpando,
zina ndikatsika zigwera m'ngalande ya pasiteji,
zina pakhomo pa mwini nyumba
pamene simenti inang'ambika chaka chatha.

Mvula ya Okutobala ikadzabwera
musadzandifunse ine.